Kalata yotseguka kwa oyendetsa milandu m'boma la Dedza: munthu akamangidwa, wina aziwerenga masiku ake

Kwa bwana mkulu wa polisi ya Dedza ndi akulu a maofesi a polisi a m'madera, olemekezeka amajisitireti, oimira boma pa milandu, bwana mkulu wa ndende ya Dedza, bwana DC, a ofesi yosamalira anthu, a Legal Aid Bureau (bungwe la boma lopereka maloya kwa osakwanitsa kulipira), ndi aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo.

Akuluakulu athu,

Ife amene tikulemba kalatayi ntchito yathu ndi kuthandiza anthu omangidwa ndi abale awo kuti amvetse zomwe lamulo likunena. Nkhani yathu ndi imodzi. Kuchokera pomwe wapolisi wagwira munthu mpaka pomwe khoti lagamula, lamulo linaika malire a nthawi: maola 48, masiku 15, masiku 30, masiku 60, masiku 90. Ambiri mwa amene amapyola malirewa ali m'chitokosi kapena pa rimandi, palibe woweruza amene anagamula kuti akhale nthawi yonseyo. Amakhalitsa chifukwa palibe amene anapatsidwa udindo wowawerengera masiku, ndipo pepala lomwe likanawatulutsa kapena kuwafikitsa ku khoti lagona pa tebulo la wina.

Tiyambire pa ola lomwe munthu wagwidwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, likuti womangidwa auzidwe msanga chomwe wamangidwira, m'chiyankhulo chomwe amamva, auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, achenjezedwe za zotsatira zake akasankha kuyankhula. Akafika pa kauntala, dzina lake, tsiku ndi ola lomwe wamangidwa zilowe m'buku la OB, lolembamo zonse zochitika pa polisi, ndi m'buku la chitokosi. Foni, ndalama ndi lamba zilembedwe, iye asayine kapena adinde chala. Mayi asechedwe ndi wapolisi wamkazi. Ola lolembedwalo ndi lomwe china chilichonse chimawerengedwerapo, ndipo ndi pomwe pamayambira kulakwika. Munthu agwidwa ndi achitetezo a m'mudzi Lolemba usiku, agona kwa amfumu, aperekedwa ku polisi ya m'dera Lachiwiri, adikira galimoto mpaka Lachinayi, ndipo akafika ku boma alembedwa ngati wamangidwa tsiku lomwelo. Masiku a m'mbuyowo amangosowa m'mabuku. Tikudziwa kuti kuchoka ku Mtakataka kapena ku Golomoti kukwera chitunda cha Khwekhwerere mpaka pa boma pamafunika mafuta, ndipo mafutawo sapezeka tsiku lililonse. Koma lamulo limawerenga kuchokera pomwe munthu walandidwa ufulu wake, ndiye pepala lomwe likuyenda naye lizionetsa tsiku ndi ola lenileni. Mafumu ndi achitetezo a m'mudzi nawonso akumbutsidwe kuti wogwidwa aperekedwe ku polisi mosazengereza, asanamenyedwe, asanamangidwe pa mtengo.

Za maola 48 anthu ambiri amazimva, koma kawerengedwe kake kamasokonekera. Lamulo likuti womangidwa akaonekere ku khoti msanga momwe kungathekere, pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba lomwe khoti litsegule. Loweruka ndi Lamlungu amawerengedwa nawo. Womangidwa Lolemba 9 koloko m'mawa akhale atafika ku khoti pofika Lachitatu 9 koloko. Womangidwa Lachinayi masana, maola ake amathera Loweruka, choncho akaonekere Lolemba. Womangidwa Lachisanu madzulo nayenso ndi Lolemba lomwelo, osati Lachiwiri. Ndipo maola 48 ndi malire omaliza chabe. Ngati doketi, fayilo ya apolisi ya mlanduwo, lakonzeka tsiku lomwelo ndipo khoti lili pafupi, palibe chifukwa chomugonekera kawiri pa simenti, makamaka kuno kwathu komwe mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. M'zitokosi zambiri m'dziko muno wosungidwa amadalira chakudya chobwera ndi abale. Wa ku Mayani kapena ku Lobi amene wasungidwa pa boma, abale ake osadziwa komwe ali, angathe kutha masiku awiri m'mimba muli pululu. Gawo 42 lomweli likumupatsa ufulu wolumikizana ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale, loya, dokotala kapena m'busa. Foni imodzi yochokera pa kauntala imakwanira.

Pali kumanga kwina komwe sikuyenera kuchitika n'komwe. Kumanga mkazi kapena mayi wa woganiziridwa kuti mwiniwakeyo adzipereke n'kosaloledwa, chifukwa mlandu suyenda m'magazi. Kutsekera munthu chifukwa walephera kubweza ngongole ya mbatatesi kapena ya feteleza n'kusandutsa polisi malo otolerera ngongole, pomwe nkhani zotere zili ndi khoti lake la milandu ya pakati pa anthu. Kusesa anthu pa msika kapena pa malo omwera usiku popanda mlandu wodziwika kunaletsedwa kale: mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, yomwe anthu ankaitcha ya vakabu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu, ndipo mu 2022 linagamulanso kuti kumanga anthu mwachisawawa m'zisesa zotere n'kosemphana ndi malamulo. Palinso chizolowezi chomanga kaye, kufufuza pambuyo. Woganiziridwa amene ali ndi nyumba, munda ndi banja m'mudzi wodziwika angathe kuitanidwa ndi samani, ndipo pa milandu ing'onoing'ono lamulo likulola apolisi kumuchenjeza n'kumumasula.

Tifike pa sitetimenti. Woganiziridwa akachenjezedwa n'kusankha kuyankhula, zomwe wanena zilembedwe momwe wanenera, awerengeredwe m'Chichewa kapena m'Chiyao ngati ndicho amamva, asanadinde chala. Gawo 19 la malamulo aakulu likuletsa kuzunza munthu, ndipo gawo 42 likuletsa kumukakamiza kuvomera mlandu. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ndime 176 ya malamulo a kazengedwe ka milandu imalola kuti sitetimenti yovomera iperekedwe ku khoti ngakhale mwiniwake akunena kuti anakakamizidwa, ndipo zimatsalira woweruza kuona ngati zomwe zalembedwazo n'zoona popanda chikaiko. Mlimi wosadziwa kuwerenga, wopanda loya, sadziwa kuti ayenera kuuza khoti za kumenyedwa kwake pa tsiku loyamba, mabala asanapole. Olemekezeka amajisitireti, wozengedwa akalowa akutsimphina kapena nkhope itatupa, mufunseni, lembani yankho lake m'fayilo, ndipo lamulani kuti akaonedwe ku chipatala cha boma tsiku lomwelo. Pakatha masabata awiri, dokotala sadzapeza cholemba.

Belo ya ku polisi ndi yaulere. Mawuwa apolisi eni ake amawalengeza pa wailesi ndi m'misonkhano, koma m'midzi anthu ambiri amakhulupirirabe kuti popanda kugulitsa mbuzi m'bale satuluka. Chikhulupirirochi chimadyetsa anthu oyenda pakati, omwe amaima kunja kwa mpanda n'kumauza abale kuti iwo ndiwo akudziwa wokamba naye. Njira yochithetsera ndi yosavuta: pa khomo la ofesi iliyonse ya polisi pakhale chikwangwani cha Chichewa chonena kuti belo ya ku polisi salipira, chokhala ndi nambala ya foni ya mkulu wa pamalopo ndi ya Independent Complaints Commission, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti lizilandira madandaulo okhudza apolisi. Lamulo lomwelo linaikanso ndondomeko yoti anthu wamba osankhidwa aziyendera zitokosi n'kuona momwe osungidwa akukhalira. Ndondomekoyi ikagwira ntchito, buku la chitokosi limalembedwa bwino chifukwa wolemba amadziwa kuti wina adzaliwerenga.

Tsiku loyamba ku khoti limatha msanga, nthawi zina mphindi zosakwana khumi, koma ndi lomwe limapha kapena kupulumutsa mlandu. Mlandu umawerengedwa m'Chingerezi, womasulira amaubweretsa m'Chichewa, wozengedwa amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Ndime 251 ya malamulo a kazengedwe ka milandu ikuti khoti lisanalembe kuti wavomera, litsimikize kuti akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira za kuvomera, komanso kuti akuvomera popanda kuwonjezerapo chodzitetezera. Munthu akati "ndinatengadi njingayo koma anandibwereka mwiniwake", ameneyo wakana. Akati "ndinamumenyadi chifukwa anandibwerera ndi chikwanje", wakananso. Ambiri amavomera chifukwa m'chitokosi anauzidwa kuti ukavomera umapita kwanu msanga, ukakana ukaolera pa rimandi. Uphungu woipawu umamveka wanzeru chifukwa rimandi imatalikadi. Pa mlandu ngati wakuba ng'ombe, womwe chilango chake chingafike zaka 14, kuvomera kotereku kumawononga banja lonse. Palinso alendo omwe amagwidwa pa msewu wa M1 ndi m'njira za m'malire a Mozambique, ena ochokera kutali ngati ku Ethiopia. Popanda womasulira wa chiyankhulo chawo, kugwedeza mutu kwawo sikungalembedwe ngati kuvomera.

Pa belo ya ku khoti, lamulo likuti womangidwa amasulidwe, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Mu 2005 khoti la Supreme, lalikulu kuposa onse, linanena momveka kuti udindo woonetsa zimenezi uli pa boma, ngakhale pa mlandu wakupha. Lamulo la 2000 lotsogolera kaperekedwe ka belo linatchula zoyenera kuyang'ana: ngati angathawe, ngati angasokoneze mboni kapena umboni, ngati angaike ena pa ngozi, ngati kumasulidwa kwake kungadzetse chipwirikiti. Mawu akuti "kafukufuku akadali mkati" paokha si chifukwa. Woimira boma anene chomwe chatsala, chomwe wozengedwa angachiwononge, ndi tsiku lomwe chithe. Kukhala pafupi ndi malire nakonso si umboni woti munthu athawa. Boma lino lili moyandikana ndi Mozambique, ndipo anthu ali ndi minda, ana ndi manda a makolo awo mbali ino. Wozengedwa wopanda loya nthawi zambiri sadziwa kuti angapemphe belo, ndiye khoti lizimufunsa lokha. Ndime 118 ya malamulo a kazengedwe ka milandu ikutinso ndalama ya belo isakhale yopyola muyeso. Belo ya ndalama yomwe mlimi sangaipeze mu Januwale, nkhokwe zitatha, ndi kumukaniza belo mwa njira ina. Chikole chosalipira ndalama, chokhala ndi omuimira awiri ndi kalata ya amfumu, chimabweza anthu ku khoti bwino lomwe. Pomwe ndalama yaperekedwa, pakhale lisiti ya boma, ndipo abale auzidwe kuti mlandu ukatha wozengedwa asanajombepo, ndalamayo imabwezedwa. Ambiri sabwerera kudzaitenga chifukwa amayesa kuti chinali chindapusa.

Apa ndi pomwe pagona mtima wa kalatayi. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inawonjezera ndime 161A mpaka 161J m'malamulo a kazengedwe ka milandu, zoika malire a nthawi yosungira munthu mlandu wake usanayambe. Pa mlandu wozengedwa ndi majisitireti, malire ndi masiku 30. Pa mlandu wa ku Khoti Lalikulu, ndi masiku 30 podikira kuti utumizidwe kumeneko, kenaka masiku 60 podikira kuti uyambe. Pa milandu ikuluikulu ngati kupha, kuukira boma, kugwirira, kugona ndi mwana ndi kuba moopseza, malire ndi masiku 90. Boma lingapemphe kuti awonjezeredwe, koma lipemphe nthawi isanathe, lipereke zifukwa, ndipo chowonjezeracho chisapitirire masiku 30. Nthawi ikatha, khoti lili ndi mphamvu yopereka belo ngakhale palibe wapempha. Lamuloli ndi labwino, koma silinatchule munthu amene m'mawa uliwonse azitsegula buku n'kunena kuti uyu wafika tsiku la 28. Wapolisi amati munthu ali m'manja mwa ndende, wa ndende amati iye amangotsata kalata ya rimandi, kalaliki wa khoti amati fayilo imatuluka pa tsiku lomwe linalembedwa. Aliyense akunena zoona, ndipo munthu uja akupitirira kukhala.

Kalata ya rimandi yokha ili ndi moyo waufupi. Mlandu wa munthu amene ali m'ndende suyenera kuimitsidwa kopitirira masiku 15 asanabwerenso pamaso pa khoti. Tsikulo likafika galimoto palibe, kapena woweruza ali ku maphunziro, kalatayo imatha mphamvu, ndipo kuyambira pamenepo ndende ikusunga munthu popanda chilolezo. Kungodinda makalata atsopano mwiniwake osaonekera kumachotsa cholinga chonse, chifukwa tsikulo linaikidwa kuti woweruza amuone ndi maso, amve ngati akudwala, afunse boma pomwe lafika. Munthu wotere akadzasumira boma chifukwa chosungidwa mosatsata lamulo, chipukuta misozi chake chimachokera ku misonkho yathu tonse.

Oganiziridwa kupha ndiwo amaiwalika kwambiri. Majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha kapena yopereka belo yake. Doketi liyenera kukhala ndi lipoti la kupima mtembo, masitetimenti a mboni ndi a woganiziridwa, lipite ku ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu ku Lilongwe, kumeneko atulutse chikalata chololeza kuti mlandu utumizidwe ku Khoti Lalikulu, majisitireti autumize, kenaka udikire tsiku pa ndandanda ya jaji. Pa malo aliwonse mwa amenewa fayilo ingathe kuima. Lipoti la chipatala likasowa siginecha, doketi limabwerera. Wofufuza akasamutsidwa, wolowa m'malo sadziwa kuti pali doketi lodikira. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita ongopitirira 80, koma pempho la belo ku Khoti Lalikulu limafuna loya ndi zikalata zolumbirira, zomwe banja la ku Kaphuka kapena kwa Tambala silingazikwanitse palokha. A Legal Aid Bureau, mayina a anthu amenewa muziwalandira sabata yomwe alowa m'ndende, osadikira kuti m'bale adzakupezeni. Kuchedwa kumapwetekanso ofedwa. Zaka zikapita mboni zimasamuka, zina zimamwalira, ndipo mlandu womwe unali ndi umboni wokwanira umagwa.

Milandu yomwe yayamba nayo imaima chifukwa cha mboni. Mayi wa ku Linthipe akabwera kawiri pa kabaza ndi minibasi ndi ndalama zake, n'kuuzidwa kawiri konse kuti mlandu wasunthidwa, kachitatu sabwera, makamaka nyengo yopalira. Masamani aziperekedwa masiku okwanira tsiku lisanafike, nambala za foni za mboni zizilembedwa pa doketi, ndipo mlandu ukadziwika kuti suchitika, mboni ziuzidwe dzulo lake. Pomwe wodandaula wasiya kubwera, khoti lili ndi mphamvu yomasula wozengedwa. Pa milandu ya kumenyana pang'ono ndi mikangano ya pachibale, ndime 161 ikulola khoti kulimbikitsa kuyanjana, ndipo mafumu athu ntchito imeneyi amaidziwa. Kugwirira ndi kugona ndi ana sizilowa m'gulu limeneli, ndipo mfumu kapena wapolisi wokambirana zoti nkhani yotere ithere pa mbuzi akulakwira mwanayo ndi lamulo lomwe.

Za ana tinene mwachidule. Kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana likuti mwana akagwidwa, makolo ndi wa ofesi yosamalira anthu adziwitsidwe, asasakanizidwe ndi akuluakulu, nkhani yake ipite ku khoti la ana, ndipo pa milandu yaing'ono ayambe ayesa njira zomukonzera kunja kwa khoti. Vuto lalikulu ndi zaka. Mnyamata wamtali wopanda chiphaso amalembedwa 18 pa kauntala, ndipo nambala imeneyo imamutsata mpaka m'ndende ya akuluakulu. Buku la ku sikelo, kaundula wa ku sukulu kapena kalata ya ubatizo zimathetsa mkanganowu tsiku limodzi, wina akangozifunsa.

Chigamulo chikaperekedwa masiku amawerengedwabe. Ndime 340 ya malamulo a kazengedwe ka milandu ikuti wolakwa koyamba asatumizidwe ku ndende pokhapokha palibe njira ina yoyenera, ndipo zifukwa zilembedwe. Pali chilango choimikidwa, pali chindapusa, pali ntchito yothandiza anthu pa sukulu kapena pa chipatala cha kwawo. Mu 2009, pa mlandu womwe mkaidi wina, Masangano, anasumira boma, khoti linapeza kuti kuthithikana m'ndende zathu n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse ndi theka. Woba nkhuku aliyense wotumizidwa ku ndende, ndi wa rimandi aliyense wopyola nthawi, akuwonjezera pa vuto lomwe khoti linalamula kuti lithe. Wopezeka wolakwa auzidwe pomwepo, m'Chichewa, kuti ali ndi masiku 10 operekera chidziwitso choti achita apilo, ndipo woweruza aganizire miyezi yomwe wakhala kale pa rimandi. Mafayilo oyenera kukaunikidwa ndi Khoti Lalikulu azitumizidwa msanga, chifukwa jaji akadzachepetsa chilango mkaidi atachimaliza kale, palibe chomwe chabwezedwa.

Pempho lathu silifuna lamulo latsopano kapena galimoto yatsopano. Ku ndende kukhale ofisala mmodzi wodziwika ndi dzina amene Lolemba lililonse azilemba ndandanda ya onse a pa rimandi: dzina, mlandu, tsiku lomangidwa, tsiku lomwe kalata ya rimandi ikutha, tsiku lomwe malire a masiku 30, 60 kapena 90 akukwana, ndi komwe doketi lili. Ndandandayo ipite kwa majisitireti wamkulu, kwa woimira boma, kwa mkulu wa polisi ndi kwa a Legal Aid Bureau tsiku lomwelo. Ku polisi, mkulu wa pamalopo aziyendera buku la chitokosi m'mawa uliwonse n'kusayina pa dzina la aliyense amene wapyola maola 24. Kamodzi pa mwezi majisitireti azikakhala ku ndende komweko, monga momwe makhoti oyendera ndende akhala akuchitikira m'dziko muno mothandizana ndi a Paralegal Advisory Service Institute, bungwe lothandiza omangidwa pa nkhani za malamulo, n'kuona mayina onse omwe apyola malire. Bwana DC ndi aphungu athu, mafuta onyamulira a rimandi ndi ndalama zoyendera mboni muzizifunsa poyera pokambirana bajeti, chifukwa popanda zimenezi masiku aikidwa m'lamulo sangasungidwe.

Tikupempha kuti ndandanda yoyamba iwerengedwe pa msonkhano ukubwerawu wa komiti ya ogwiritsa ntchito khoti, dzina ndi dzina, ndipo pa dzina lililonse palembedwe amene achitepo kanthu ndi tsiku lomwe achite.

Ndife anu,
ena mwa othandiza anthu pa nkhani za malamulo m'boma la Dedza